Liwiro la Pakati pa Mahampu

"Ndiye imathamanga?"

"Ngati mphepo, achimwene. Injini ndinaiwonjezera mphamvu, mipando yakumbuyo ndinachotsa kuti ipepuke, kenako ndinaitsitsa mpaka mimba kununkhiza phula."

Mwini galimotoyo ankazunguza makiyi pachala pasiteji ya basi, akudikira apongozi ake amene anawalonjeza kuti lero sapondanso fumbi. Bambo wachipewa amene anayambitsa nkhaniyo anayang'ana uku ndi uku.

"Nanga mwaimika kuti?"

"Ili kunyumba. Atiikira mahampu pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa geti langa. Singakwere."

"Ndiye mumathamangira pati?"

"Pakati pakepo."

Basi inaima. Apongozi anatsika ndi zikwama ziwiri, maso akusakasaka galimoto, ndipo makiyi aja analowa m'thumba mwakachetechete.

"Nanga achimwene, muwabereka?" anafunsa bambo wachipewa uja.