Uthenga Unkadzera kwa Alamu Anga

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndine mayi wa ana atatu wa ku Mavwere, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za matenda osaoneka ndi maso amene anatsala pang'ono kunditenga. Amuna anga ankayendetsa thiraki, ndipo anamwalira pa ngozi ku Zambia. Maliro atatha anthu anabalalika, koma ine mutu unakana kubwerera m'malo. Chakudya sichinkalowa, tulo sitinkabwera, mpaka ndinayamba kuganiza kuti ana anga angakhale bwino ine kulibe.

Namwino wina ndiye ananditumiza kwa Mayi Tembo, amene amapereka uphungu kwa anthu ovutika maganizo pa Boma. Titakumana ndinawauza zinthu zimene sindinauzepo ngakhale abusa, ndipo ndinabwerako mtima utapepukako. Foni yanga inali itawonongeka, choncho ndinawasiyira nambala ya alamu anga a Nazulu, mlongo wa malemu, amene timayandikana nyumba.

Tsiku lina lokumana ndinali nditavala kale, wakabaza ali pakhomo, alamu anatulukira n'kunena kuti aphungu ayimba, ndisapite, achokapo. Ndinavula nsapato mwakachetechete. Ulendo wotsatira zinali zomwezo, wotsatiranso zomwezo, ndipo uthenga wake unkabwera nthawi yonyamuka yeniyeniyo.

Apa m'pamene kukayika kunandilowa. Munthu wantchito angamachokepo tsiku langa lokhalokha? Ndinati mwina ndinayankhula zambiri, anyansidwa nane. Kenako ndinati ayi, nkhani zanga azimwaza. Amayi anzanga akaseka pamjigo, ndinkati akuseka ine. Abusa atalalikira za anthu otaya mtima, ndinatuluka mapemphero asanathe, poganiza kuti nawonso auzidwa. Ndinagwada m'munda wa mtedza n'kuuza Mulungu kuti ngati munthu amene ananditumizira wandikana, andionetse kwina kothawira, chifukwa mphamvu zinali zitandithera.

Yankho linabwera ndi mvula. Ndinapita pa Boma kukagulitsa mtedza, mvula n'kundithamangitsira pakhonde la golosale, ndipo pomwepo panali Mayi Tembo. Ndinayang'ana kumbali, koma iwo anandigwira mkono.

"Amake Dalitso, mwabwerako liti ku Chipata?"

Ndinawauza kuti ku Chipata sindinapondeko chimwalirireni amuna anga. Kenako anafotokoza kuti m'mawa wa tsiku lililonse lokumana, mayi wina ankayimba kunena kuti ndapita ku Chipata kukaoda zitenje, sindibwera. Iwo ankandidikirabe, nthawi yanga osaipereka kwa wina. Nawonso anali atayamba kukayika kuti mwina ndikuwathawa, ndipo ankaopa kuti akatulukira kumudzi andichititsa manyazi. Tinakhala pabenchi la pakhondepo, mvula ikugwa, ine ndikulira, iwo akumvetsera.

Nditawafunsa alamu, sanakane. Anangoti, "Mukufuna anthu azinena kuti achimwene anga anasiya mkazi wamisala?" Ngati panali chifukwa china, akudziwa ndi Mulungu. Ndinawakhululukira, moni timapatsana, koma uthenga wanga sindiwatumanso.

Ndinagula kafoni kotchipa, ndipo tinagwirizana ndi Mayi Tembo kuti wolephera kubwera aziyimba yekha ndi pakamwa pake, n'kupanganiranatu tsiku lina. Zinachitikadi tsiku lina mwana wawo atadwala. Anayimba ndili kale panjira, ndinawamva mawu, ndinawapepesa, n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo. Lero ndikudya, ndikugona, ndipo ana anga ali ndi mayi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandikokera pakhonde lija. Inu amene mukulimbana ndi maganizo, musaleke kufuna thandizo chifukwa tsiku limodzi lalephereka. Pempherani, koma mukamva kuti achokapo, nyamukani mukaone nokha. Mwina munthuyo ali pompo, akudikira inu.