Mpeni umene ndinalanda mwana wanga

Ndikupereka moni kwa inu owerenga nkhaniyi ndi onse amene ali pafupi ndi wailesi. Ndine mayi wogulitsa nsomba mumsika wa ku Mangochi. Mwana wanga wamkazi anasiya kuona ali wamng'ono. Pano ndi namwali, ndipo amaphunzira pasukulu yogonera komweko, kumene kuli aphunzitsi a ana osaona.

Sabata yatha anabwera kuholide. Tsiku lina nditaweruka kumsika ndinasiya chambo chotsala m'beseni n'kupita kukatunga madzi. Pobwerera ndinamupeza pakhonde, mpeni uli m'manja, akupala mamba. Ndinaponya ndowa pansi n'kumulanda mpeniwo, anthu oyandikana nafe akuonerera.

Ndinamukalipira kuti, "Ukufuna udzicheke? Khala pamkekapo, ndikupatsa zikapsa."

Sanalimbane nane. Anangopukuta manja pachitenje n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, kusukulu ndimachapa ndekha, ndimasita yunifolomu ndi simbi ya makala. Kumeneko ndine wosaona basi. Ndikafika kwathu kuno ndimasanduka wodwala."

Nditasuzumira m'besenimo ndinapeza nsomba zina atazitumbula kale bwinobwino, ndulu osaiphulitsa.

Mtima ukundipweteka, abale anga. Aphunzitsi amene sanamubereke amamukhulupirira, koma ine mayi wake ndinamuchititsa manyazi pagulu ndikuyesa kuti ndicho chikondi. Makolo anzanga, mwana akabwera kuchokera kusukulu yotere, yambani mwafunsa zimene akutha.

Dzulo ndinaika beseni la nsomba ndi mpeni uja pafupi naye. Sanaukhudze. Anangondifunsa kuti sukulu atsegula liti.