Sitima Yosenza Pamutu

Pa siteshoni ya Luchenza, dzinja la 1934, amuna awiri osadziwana anakhala pa mabokosi a tiyi kudikira sitima. Wamkuluyo, a Namakhwa, anali atapinda kale nkhata.

"Mukulandira alendo, bambo?"

"Ndikulandira sitima, achimwene. Ikubwera m'bokosi, ndiisenze mpaka ku esiteti."

"Sitima pamutu?"

"Kachidole ka bwana wathu. Munthu wa imvi zake, koma anayala kanjanji pakhonde, timilatho, timasiteshoni. Miyezi itatu tsopano sakudya bwino, akungoyang'ana chithunzi cha yatsopanoyi m'buku lochokera kwawo."

"Imanyamula chiyani?"

"Mphepo. Imazungulira n'kubwerera pomwe yachokera, iye n'kumawomba m'manja."

"Nanga inu ntchito yanu?"

"Kupotokola kiyi kuti yakaleyo iyende. Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pamthunzi. Koma ikubwerayi akuti ndi yamoto, imawiritsa madzi n'kuyenda yokha. Kapitawo wandisungira kale dengu. Msana uno, achimwene, ndikathyole tiyi?"

"Pepani, bambo. Komatu ndi mvula imeneyi, mitengo yowolokera pamtsinje imaterera. Bokosi litagwera m'madzi, angakuimbeni mlandu ndani?"

"Musandiphunzitse, mwabadwa dzulo inu. Ina yamoto inagwera kale m'madzi chaka chatha."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Bwana analira sabata yonse ngati wafedwa. Ulendo uno waitanitsa ziwiri."

"Zonse musenza nokha?"

"Ayi. Inayo adzaitenga yekha pa galimoto."