Atsala 43, Mayi Alikuti Akupita

Bwana wamkulu wa yunivesite, akuluakulu a nthambi zonse, aphunzitsi, anzanga a m'maofesi, bambo a kunyumba ndi ana amene mwabwera kudzatenga mayi anu, moni nonse.

Andipatsa mphindi zisanu. Amene anandisankha kuti ndilankhule amandidziwa, ndiye zotsatira zake ndi zawo. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndinalowa pano ngati mesenjala, kompyuta ndinaiphunzira ndekha, mochita kuiopseza. Mawu okometsera ndilibe.

Mayi awa, amene akupuma pantchito lero, ndakhala nawo ofesi imodzi zaka 22. Ntchito yathu, kwa inu a kunyumba, ndi kudziwiratu kuti chaka chamawa kubwera ophunzira angati, ku maphunziro ati, ndipo akakhala pati. Ena amati mapulani. Ine ndimati kuombeza kovala tayi.

Chaka chawo choyamba, malo a zaulimi anali 200. Mayi anasankha ana 200. Kunabwera 110. Chaka chachiwiri anati, "Achimwene, ndawatulukira, amabwera theka." Anasankha 400. Anabwera onse. Mmodzi anabwera ndi msuweni wake. Mu holo yaing'ono ija ana ankaphunzirira pazenera, mphunzitsi ankalowa chammbali ngati nkhanu. Bwana wa nthawi imeneyo anatiitana. Ine ndinayankha, n'kulandira kalata ya chenjezo. Mayi anangoti, "Ndamva," n'kukagula kope.

M'kopemo anayamba kulemba aliyense amene tamusankha koma sanabwere. Kuyambira pamenepo funso lawo ndi limodzi: "Ali kuti?" Uwapatse lipoti lokongola loti pa 100 alionse abwera 95, iwo, "Asanuwo ali kuti?" N'chifukwa chake timawatcha Mayi Alikuti. Bambo, musadzidzimuke, dzinali amalidziwa. Ndinawauza ndine, pamaso.

Osabwerawo amawaimbira foni mmodzimmodzi. Ine zinkandinyansa. Ndinkati, "Mayi, munthu wakana yekha, mukumunyengerera chiyani? N'chibwenzi?" Iwo, "Achimwene, khalani pansi, imwani madzi." Madzi amene ndamwa mu ofesi ija akanadzaza thanki.

Koma mafoniwo ndi amene anatiphunzitsa ntchito. Tinadziwa kuti makalata athu amafika mochedwa kwa ana akutali. Tinadziwa kuti atsikana ambiri amasiya malo chifukwa makolo akuopa za kogona. Hositelo yatsopano ija, bwana, riboni munadula ndinu, koma inachokera m'kope. Mwana wina anangochita mantha, ati yunivesite ndi ya ana a mabwana. Mayi analankhula naye ola lathunthu, ine ndikudikira foni. Lero amaphunzitsa masamu konkuno. Sindimuloza. Ndi uyo akuyang'ana pansiyo.

Tsopano nkhani ndi iyi. Tagula pulogalamu ya pakompyuta yolosera chiwerengero. Ndi yabwino, ndaiyesa. Yatiuza kuti 43 sabwera. Koma kuti ali kuti, sinena. Ana 43 amenewo alipodi, tinawasankha, sanaoneke, ndipo kulembetsa kutha Lachisanu likubwerali. Likadutsa, malo awo apita. Mayi amafuna kubwera Lolemba kudzawaimbira. Bambo andikokera pambali, ati, "Akabweranso kuntchito, ine ndisamukira mu ofesi mwanu." Ofesi yathu ndi yaing'ono.

Ndiye kope andisiyira ine. Ine! Munthu woti ndinakanganapo ndi makina a fotokope anthu akuona. Ndikaimba ndekha, pofika wachisanu ndikhala nditayamba kukalipa, otsalawo athawiratu. Choncho mndandanda wa mayina awo ndaudula tizidutswa. Pakhomo pali tebulo. Wapantchito aliyense amene wadya keke atenga dzina limodzi ndi nambala yake. Mufunse mwaulemu chimene chamuletsa, yankho mundipatse pofika Lachitatu. Bwana wamkulu, lanu ndakusungirani. Ndi mtsikana wa za uinjiniya. Foni ndi ya amalume ake, amayankha m'mawa, ndipo amalankhula kwambiri. Mupirire.

Mayi, kuyamika ine sindikutha bwino. Munandipirira pamene ena akanandithamangitsa kalekale. Munandiphunzitsa kuti nambala iliyonse ili ndi mayi ake. Zikomo. Pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likuwotcheni, foni muzimitse, mukavutitse bambo. Anawo tiwapeza.

Bwana, dzina nali, landirani. Enanu imirirani, manja amveke mpaka ku hositelo, kenako mudzere ku tebulo. Khomo lakumbuyo ndakhoma.