Mabawuti Mazana Atatu

Anzanga omvera, ine ndimakhala ku Wusakile, ndipo ndine kapitawo pa wekishopu ina ya zitsulo muno mu Kitwe. Ndine amene ndimanena zoti makina apange tsiku lililonse, komanso zingati.

Kampani ina yokonza mapampu a mumgodi inaitanitsa mabawuti aakulu makumi awiri. Kutchera makina athu kuti adule mabawuti otere kumadya theka la tsiku. Ndinaona kuti kudzatcheranso mwezi wamawa akadzafuna ena n'kutaya nthawi, choncho ndinalamula kuti tidule mazana atatu kamodzi.

Mdala amene ankayendetsa makinawo anandichenjeza. "Akapitawo, chitsulo chonse chithera apa. Nanga shafiti ya chigayo imene anaitanitsa amayi a ku Chifubu aja?"

Ndinayankha kuti amayiwo adikire.

Tinadula masiku anayi. Amayi aja anatopa n'kukapangitsa kwina. A mapampu anatenga makumi awiri awo, kenako anatiuza kuti mapampu akale akuwachotsa, ndipo atsopanowo safuna mabawuti otere.

Chitsulo chinali chitatha, moti ntchito zina zitatu tinazibweza. Mwini wekishopu anachotsa ntchito anthu awiri. Woyamba anali mdala uja, bambo wa ana asanu, amene ananena zoona. Ine ndinatsala.

Mabawutiwo ali mumgolo kuseri, achita dzimbiri, ndipo ndimawadutsa m'mawa uliwonse. Mdalayo tsopano amagulitsa makala pamsika. Tikakumana amavulabe chipewa n'kundipatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji, akapitawo?"