Ndiwo Zopanda Mchere ku Salisbury Lines

Monire mose, abale ndi alongo! Chitumbuka changa chathera pomwepo, zotsalazo mundilole ndiyankhule chakwathu. Ine ndine Chimbalanga, wa ku Ntcheu, kalipentala. Mabenchi mwakhalirawo ena ndinakhoma ndine. Wina msomali ukamubaya, andiuze tikatuluka.

Ndinabwera ku Mzuzu kuno pa ntchito, ndi mkazi wanga ndi ana awiri, Esinati ndi mlongo wake wamng'ono Yohane. Tinapeza nyumba ku Salisbury Lines. Matope ake mukuwadziwa, sindinena zambiri. Koma tinkakhala bwino, abale. Tinkadya, tinkaseka, Lamulungu tinkabwera muno.

Kenako mayi a Esinati anadwala, natisiya. Tinakawaika kumudzi. Tsono kwathu sikuli ngati kuno. Kwathu ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Mlamu wanga, malume a anawo, anatenga Yohane pamaliro pomwepo. Esinati ndinachita kumupempha mogwada, ndinati amalize kaye pulaimale. Mlamu anavomera monyinyirika. Anati mwana wamkazi saleredwa ndi mwamuna yekha, akangokula ndimubweze. Ine ndinadziwa tanthauzo lake. Akabwerera kumudzi sukulu yatha, chotsatira ndi banja.

Tinatsala awiri m'nyumba. Awiri basi. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, Amen asanathe ine ndili pamsewu. Mumtima ndinkati anthu awa si akwathu, adziwa chiyani za ine?

Tsiku lina ndinalawa ndiwo, mulibe mchere. Ndinati Esinati, amene ankaphika, waiwala. Mawa lake usipa, mulibe mchere. Mkuja nyemba, mulibe mchere! Abale, munadyapo nyemba zopanda mchere? Mcherewo unalipo, m'chitini pa alumali. Ndikamufunsa, ankangoyang'ana pansi. Kusukulu anasiya kupita, akuti m'mimba. Kukwaya anasiya. Ndinamukalipira, ndinati wayamba mwano. Iye kungolira.

Pamenepo mtima wanga unagwa. Ndinati mlamu ananena zoona, ndalephera kulera. Mkazi wapita, Yohane wapita, uyunso ndimupereke. Ndinaganiza zoti mwezi ukatha ndimukweze basi. Ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri: Ambuye, ine nzeru zandithera.

Lachinayi lake abusa anandiitana kudzakonza zenera ilo, lakumbuyolo. Ndi tsiku limene amayi amakumana. Ndili mkati mokhoma, anandipeza aNyaManda a ku Msongwe, awo akhala apowo, akubisa nkhope. Anandifunsa chifukwa chake Esinati sakuoneka kukwaya. Sindidziwa chinanditsegula pakamwa. Ndinakhuthula zonse, za sukulu, za mwano, mpaka za nyemba.

Anandifunsa ngati mchere ulimo m'nyumba. Ndinati ulimo. Anayamba kuseka, kenako anasiya mwadzidzidzi, maso atadzaza misozi.

"Yayi, adada," anatero. "Mwanayo si mwano. Wakula. Inu lero mukazungulire kumsika, musafulumire. Kunyumba kwanu kukupita amayi."

Ndinaima ndi hamala m'manja ngati chitsiru. Munthu wamkulu, wa ndevu, osadziwa zimene zikuchitika m'nyumba mwanga!

Madzulo aNyaManda anandikhazika pansi nandifotokozera. Pamaliro paja Esinati anamva amayi akumudzi akunena kuti mtsikana akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, akathira bambo ake adwala mdulo. Ndiye mwana anaona zimene zamuchitikira, alibe womufunsa. Akandiuza, ndimubweza kumudzi. Akathira mchere, ndidwala. Akuti anawauza amayiwo kuti, "Amayi anapita. Ndiphenso abambo?"

Abale, ndinalira. Ndinkamunena wamwano, pamene mwana ankandisunga ine.

Amayi a mpingo uno sanabwere tsiku limodzi lokha. Anamulangiza monga mayi alangizira mwana wake. Wina anabweretsa chitenje, wina sopo, wina anamutenga kukagona ndi ana ake aakazi ku Msongwe. Za mcherezo, aNyaManda anamugwira dzanja, anapemphera, anathira limodzi mumphika. Anamuuza kuti moyo wa adada ake uli m'manja mwa Chiuta. Ndinadya ndiwozo. Ndi ine ndaima pano, ndi mimba yangayi!

Koma lonjezo lija linalipobe. Sindinafune kubisa, ndinatumiza uthenga kumudzi kuti mwana wakula. Mlamu anakwera basi, anafika ndi thumba lopanda kanthu loti alongedzemo zovala za mwana. Usiku wake sindinagone tulo.

M'mawa, tisanayambe nkhani, tinamva odi. Amayi a mpingo, atavala yunifolomu zawo, ndi mkulu wa mpingo pambuyo. Sindinawaitane ine. Anamva okha kuti mlendo wafika. Nyumba inachepa, ena anakhala pakhonde. Anapereka moni mmodzimmodzi, mpaka mlamu mkono unatopa.

Mlamu ananena zake, ndipo sananene zoipa. Anati mwana wa mlongo wake sangakule ngati mbuzi yopanda khola. Amulangiza ndani? Akalakwa tidzafunsa ndani?

ANyaManda anagwada, nati: "Amalume, mwini mwana ndinu, sitikukana. Koma mutibwereke mwanayu alembe mayeso. Kulangiza talangiza kale. Akalakwa musadzafunse adada ake, mudzafunse ine. Nyumba yanga ili ku Msongwe, aliyense akulozerani."

Amayi onse anavomereza, yewo, yewo chomene. Mlamu anayang'ana amayi aja, anayang'ana Esinati. Kenako anati iye ankayesa kuti mwana alibe mayi, sankadziwa kuti achita kuchuluka chonchi. Anabwerera ndi thumba lake, ife titaikamo usipa.

Esinati analemba mayeso, anasankhidwa kusekondale. Lero ndi mphunzitsi ku Nkhorongo. Ndinamupempha chilolezo ndisananene izi, anati nenani, mwina alipo bambo wina akukalipira mwana pa zimene sakuzidziwa. Inu abambo, mwamva? Musafe nazo nokha. Funsani amayi awa.

Ine ndikukhomabe mabenchi. Sindinalemere, nyumba ndi yomwe ija, matope ndi omwe aja. Koma sindikhalanso kumbuyo, ndipo Amen akatha ndimatsala ndikupereka moni mpaka dzuwa kupendeka. Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza inu amayi, inu abambo, inu amene ndinkati si akwathu.

Mlamu wanga anabweranso chaka chatha. Nditamuona pamsewu ndinati kwagwanji. Kumbuyo kwake kunali Yohane, wamtali kundiposa, ndi kamtsikana, mwana wake wa mlamuyo. Anati, "Alamu, awa aphunzire konkuno. Amayi aja alipobe?"

Ndinati alipo. Ana awiriwo ndi awo akhala kukwayawo. Imirirani, akuoneni abale anu.

Ambuye alemekezeke. Yewo chomene.