Mabatani Opanda Mayina

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni nonse kumene muli. Ine ndine Yelesani Mbewe wa kuno ku Katete. Maso anga anafa ndili wamkulu kale chifukwa cha matenda a shuga, koma lero sindikufuna kunena za maso. Ndikufuna kuchitira umboni za ntchito yanga, imene inatsala pang'ono kundipulumuka m'manja chifukwa cha webusaiti.

Ndimagwira ntchito pa kabungwe ka alimi a mtedza ndi thonje. Alimi amatumiza mafunso, ine ndimayankha, poti zaulimi ndinaziphunzira ndisanachite khungu. M'kompyuta yanga muli pulogalamu imene imandiwerengera mokweza zonse zolembedwa. Chinyanja chake n'cha mzungu wofika dzulo, koma tinazolowerana, ndipo ntchito inkayenda.

Kenaka bungwe linabweretsa webusaiti yatsopano. Anzanga onse anaiyamikira kuti ndi yokongola. Ine nditaitsegula, mawu aja anangoti: batani, batani, batani. Batani la chiyani, osanena. Ndikadina ili ndinkagwera kumene sindikudziwa, ndikadina lina zonse zii. Mnzanga wa mu ofesi, mayi Tembo, ankanditsegulira mafunso, koma naye anali ndi ntchito yake, ndipo ndinayamba kumva kutopa m'mawu ake. Mvula inali pafupi, mafunso a alimi akungounjikana. Tsiku lina abwana anandiitana. "A Mbewe, timakukondani," anatero, "koma mvula siyembekeza munthu. Zikapitirira chonchi tidzafuna wina." Sindinawaimbe mlandu. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndani kuno angalembe ntchito munthu wosaona wa msinkhu wangawu?

Ndinapemphera, koma pemphero lake mwina mungaliseke. Ine chibadwire ndine wamafunso, ndili mwana ndinamasulapo wailesi ya bambo kufuna kuona anthu olankhulamo. Choncho ndinati: Ambuye, ngati vutoli simulichotsa, ndiuzeni kokha chifukwa chake.

Ndinayamba kuyenda pa tsambalo pang'onopang'ono ndi kiyibodi, kumvetsera batani lililonse. Pakati pa onse osalankhula aja, limodzi linati "khasu". Ndinabwerera m'mbuyo, linabwerezanso. Mantha anayamba kuchepa, chidwi n'kundigwira. Bwanji ili lokha lili ndi dzina? Safunsa anadya phula, ndiye ndinapempha mayi Tembo kuti andiuze zimene maso awo akuona. Anati palibe mawu ngakhale amodzi, n'zithunzi zokhazokha: khasu pa zobzala, mbozi pa tizilombo, nkhokwe pa zosunga mbewu. Apo ndinamvetsa kuti pulogalamu yanga sinawonongeke, inalibe choti iwerenge. Koma munthu angakonze bwanji webusaiti yopanda mawu? Abwana anati ntchitoyo inadzera kwa munthu wina wa ku Lusaka, amene foni yake sinkayankhidwanso. Mumtima ndinamukwiyira wokonzayo, ndikumati ndi mmodzi wa aja oiwala kuti kunja kuno kuli anthu ngati ife.

Lamulungu ndinaimirira m'tchalitchi kupempha mapemphero, ndipo ndinafotokoza zonse, za khasu ndi nkhokwe zomwe. Titatuluka, mayi wina wachikulire anandigwira mkono. Anali mlendo wochokera ku Vubwi, wodzaona apongozi ake odwala.

"Bambo, mwati khasu ndi nkhokwe?" anafunsa. "Zimene zija anakonza mwana wanga, Tisauke. Anakonzera ine, poti sukulu sindinapiteko. Pa foni ndimangogwira pakhasupo, n'kulankhula funso langa."

Chimene chinkanditsekera kunja chinali chikondi cha mwana kwa mayi ake osadziwa kuwerenga.

Mayiwo anamuimbira foni pomwepo, ndipo mkati mwa sabata Tisauke anakwera minibasi kuchokera ku Chipata kumene amakhala. Ntchitoyo anachita kupatsidwa ndi munthu wa ku Lusaka uja, koma sanabwere ndi zodziteteza. Anati, "Atate, ndionetseni mmene mumaionera." Ndinazimitsa sikirini, n'kumupatsa kiyibodi. Poyamba anaseka atamva batani, batani, kenaka kuseka kunatha. Anandifotokozera kuti chithunzi chilichonse chimatha kukhala ndi mawu obisika kumbuyo kwake, amene maso saona koma pulogalamu ngati yanga imawerenga. Pa khasu anali atalembapo poyesera chabe, zinazo sanaone chifukwa chovutikira nazo.

Tinagwira ntchito limodzi, iye akulemba, ine ndikumvetsera. Tinatsutsanako pang'ono. Iye amafuna kulemba "nkhokwe", ine ndinati dzina la chithunzi silindithandiza, alembe chimene batanilo limachita: "mafunso a kasungidwe ka mbewu". Titaganiza kuti tamaliza, panatulukanso china. Tisauke, poti analeredwa bwino, anaika kabokosi kopereka moni kwa aliyense wolowa, ndipo ogwiritsa mausi ankangokatseka. Kiyibodi yanga ikalowamo sinkatulukanso, ngati mwini nyumba wokugwira dzanja pakhomo osalisiya. Nachonso anachikonza, ine ndikumufunsa mafunso mpaka anati ndikanakhala mwana wa sukulu aphunzitsi akanathawa.

Zithunzi zonse anazisiya mmene zinalili, sanachotse ngakhale chimodzi. Madzulo a tsikulo ndinatsegula ndekha funso loyamba, la mlimi wa ku Sinda amene mtedza wake wambewu unachita nkhungu. Ndinamuyankha popanda wondigwira dzanja, misozi ikutsika. Abwana sanatchulenso za kufuna wina.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira yankho kudzera mwa mayi wosadziwa chilembo ngakhale chimodzi. Inu amene chitseko chakutsekerani lero, musafulumire kutaya mtima, ndiponso musafulumire kuda amene anachitseka. Pempherani, funsani, ndipo vuto lanu mulinene poyera pakati pa abale. Ine ndikanachita manyazi n'kukhala chete Lamulungu lija, mayi aja akanangondipatsa moni n'kubwerera ku Vubwi, ndipo bwenzi lero ndili pakhomo.

Ambuye akusungeni nonse. Amen.